Mwana wanga anajambulitsa atanyamula chigaza cha munthu

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimagulitsa mbatata pamsika wa Lisungwi. Mwana wanga wachiwiri, Tiwonge, ndiye woyamba pamtundu pathu kupita ku yunivesite.

Atabwera kutchuthi anaonetsa msuweni wake zithunzi za m'foni. Pachithunzi china wavala chovala choyera ndi magolovesi, wanyamula chigaza cha munthu, akuchiyeza. Msuweniyo anatumizira anzake, ndipo pofika Lachisanu msika wonse unali utachiona.

Pano anthu akuti mwana wanga analowa zausatana, ena akuti amagulitsa mafupa. Mayi Stelia, omwe tagulitsa moyandikana zaka khumi, anasuntha benchi lawo osandiuza kanthu.

Bambo ake a Tiwonge ndi mkulu wa mpingo. Atamufunsa, Tiwonge anati, "Ababa, timaphunzira thupi la munthu, komwe tinachokera ndi chifukwa chake anthufe timasiyana. Fupa limatiuza zaka za munthu ndi matenda omwe ankadwala." Atangotchula kuti amaphunziranso za anyani, bambo ake anaimirira. "Eti agogo ako anali nyani? Basi, kusukulu kumeneko subwererako."

Kwatsala milungu iwiri kuti atsegulire. Tiwonge sakudya, amangobindikira m'nyumba. Mwana wanga ndimamudziwa, koma ndisaname Aphungu, dzana tikusenda mbatata ndinayang'ana manja ake, thupi langa lonse n'kuchita tsemwe. Ndinadzimvera manyazi. Kodi nditani?

M.K., Lisungwi, Neno

Mayi M.K.,

Pepani, mwasenza katundu wolemera. Musadziimbe mlandu pochita mantha, tonsefe tinaleredwa kuopa manda. Koma mwana wanu sanalowe gulu lililonse lachinsinsi, ali pasukulu.

Maphunziro akewo ali ndi nthambi zingapo. Ena amafukula mafupa akalekale kuti adziwe momwe anthu oyambirira ankakhalira. Ena amalondola anyani m'nkhalango, kuyerekeza matupi ndi khalidwe lawo ndi lathu. Enanso amafufuza zomwe timatengera kwa makolo, monga chifukwa chake makolo akuda amabereka mwana wachialubino. Ndiye pali othandiza apolisi. Madzi osefukira akakokolola anthu, mafupa n'kupezeka patapita miyezi, ndi anthu ngati Tiwonge amene amazindikira kuti uyu anali mzimayi wa zaka zakutizakuti, abale n'kutenga wawo kukamuika mwaulemu.

Za anyanizo, bambo sanamve bwino. Ophunzirawa sanena kuti agogo ake anali nyani. Amati anthu ndi anyani anachokera ku kholo limodzi lakale kwambiri. Bambo ali ndi ufulu wotsutsa zimenezo, koma adziwe kuti alipo Akhristu ambiri amene anaphunzira izi ndipo sanasiye kupemphera.

Yambani ndi Tiwonge lero lomwe. Khalani naye pansi, mumuuze kuti muli mbali yake, akufotokozereni zonse mpaka mantha anu athe. Mumuuzenso mosabisa kuti analakwitsa. Chigazacho chinali munthu, mwana wa winawake, si chojambulitsa nacho n'kumaonetsa abale.

Kenako Tiwonge apemphe mphunzitsi wake alankhule ndi bambo pafoni, ndipo sukulu ilembe kalata yofotokoza zomwe amaphunzira. Kalatayo mupite nayo kwa abusa nonse atatu, musadikire kuitanidwa. Ndikuganiza kuti bambo chikuwapweteka kwambiri ndi manyazi pamaso pa mpingo, choncho abusa akamvetsa, iwonso mtima ukhala pansi. Muwakumbutse bambowo kuti dokotala amene amawapima kuchipatala nayenso anaphunzirira pa matupi a anthu akufa. Mayi Stelia muwapitire kunyumba, nkhaniyi musaikambire pamsika.

Koma samalani. Mphekesera za mafupa zaphetsapo anthu osalakwa m'dziko muno. Wina akangoopseza Tiwonge, kanenani kupolisi tsiku lomwelo, ndipo asayende yekha mpaka atanyamuka. Musalolenso kuti nkhani ya sukulu igamulidwe bambo adakali okwiya. Mwezi wamawa msika udzakhala ukukamba zina, koma Tiwonge akataya malo akewo sadzawapezanso.

Aphungu