Ndalama za Chiliza Chanu Akuzikana

Amayi anga, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ndine Esinati wanu. Akundilembera ndi Nabanda, mnzanga wa kutchalitchi, paja ine cholembera sindinachigwirepo.

Ndili ku Kepitauni, kwa mdzukulu wanu Agnesi. Anabereka mwana wamkazi, tinamutcha dzina lanu. Tikukhala ku Gugulethu, m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya eni ake. Agnesi amalawirira kukachapa kwa azungu ku Milnerton, mwana n'kutsala ndi ine.

Koma mtima wanga suli m'malo, amayi.

Mukukumbuka mbuzi zanu zija? Mutamwalira ndinagulitsa zonse, monga munanenera, kuti tidzamange chiliza pamanda panu. Munkati, "Usadzapatse mlongo wako Yohane, adzamwera." Ndiye ndalamazo ndinazisokera m'lamba wansalu, n'kumagona nazo m'chiuno. Bambo a Agnesi atadwala sindinatapepo. Pamaliro awo sindinatapepo. Pobwera kuno ndinawoloka nazo maboda onse osauza munthu, ngakhale Agnesi.

Lamulungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, mayi wina wongofika kumene kuchokera kumudzi anationetsa ndalama zatsopano. Ting'onoting'ono, amayi! Akuti zathu zikuluzikulu zija zinatha ntchito, m'sitolo sakulandiranso, kwangotsala masabata ochepa oti anthu akasinthe kubanki. 

Ndinamuululira Agnesi. Analira, kenako n'kundikalipira ngati mwana ndine. Lolemba anajomba kuntchito, tinapita kosinthira ndalama m'tauni. Mtsikana wa pawindo anazinyamula ndi zala ziwiri, poti zikununkha thukuta langa, n'kuzikankhira kwa ine. Tinayenda malo atatu, konse chimodzimodzi. Akuti kwacha mukasinthe kwanu komweko.

Pali bambo wina wonyamula katundu wa anthu pa lole kupita kumudzi, akuti ndimupatse akandisinthire. Koma yemweyo chaka chatha anasowetsa filiji ya Nabanda, mpaka lero. Nanga ndimupatse manda anu?

Ndiye kwatsala ine ndekha. Vuto ndi lakuti masiku a m'pasipoti mwanga anatha kalekale. Ndikangofika paboda andilembera chindapusa choti sindingachithe, ndipo osalipira sungalowenso kuno. Agnesi alibe womusiyira mwana, akajombanso amuchotsa ntchito. Akuti, "Agogo anagona kale, wamoyo ndi uyu." Sakunama, amayi. Kuyambira Lachiwiri sitikuyankhulana, tikungopatsirana mwana kukamwa kuli chete.

Dzulo ndagula tikiti ndi timarandi ta zitumbuwa zomwe ndimagulitsa pageti. Agnesi sakudziwa, ndimuuza mawa. Basi inyamuka Loweruka. Mwana ndapempha Nabanda kuti azimusunga masana. Pano akungolemba, mutu uli pansi.

Sindikudziwa ngati ndikafike nthawi isanathe. Akakandibweza kubankiko, njerwa ndikaumba ndi manja angawa. Mvula ikubwerayi siikupezani pa dothi lokha, ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati