Kuseri kwa Khutu la Zubairu

Lolemba, 21 Okutobala

Dzuwa la lero ndi lankhanza. Malata a shopu yanga akuchita kuthetheka. Ndameta mitu inayi yokha, magetsi n'kuthima. Ndiye ndangokhala pabenchi, kudzikupiza ndi katoni, kumvera nyenje. Anthu onse a pa Nsanama pano ali pansi pa mitengo ya mango.

Zubairu watulukira 10 koloko isanakwane, chikwama kumsana, chipewa cha kumadrasa kumutu. Mwana wanga sapita ndi chipewa kusukulu. Ndati vula. Aphunzitsi amulambulira msewu ndi sizasi, kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo. Akuti asabwererenso asanamete.

Pabenchi anthu afa nazo. A Yotamu ogula nandolo aja akuti, "Mwana wa wometa kuthamangitsidwa chifukwa cha tsitsi! A Sufiyani, mashini anuwa amasankha mitu?" Ndaseka nawo. Mano okha.

Zaka zitatu tsopano mutu umenewu sindinaugwire. Ankamumeta ndi Willard wa kuseri kwa msika, koma Willard anapita ku Joni mu Ogasiti.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Lukiya m'mawa, tiyi ndisanamwe n'komwe: "Bambo a Zuba, mwanayu mumumete."

Ndati ndimutumiza kwa anyamata a pasiteji. Akuti iyayi, mashini awo ndi achipere. Ndati magetsi akuvuta. Akuti batire muli nalo. Mkazi wanga sakonda kulimbana, koma lero waima pakhomo ngati wapolisi wa pamsewu. "Mumumete inuyo. Ndi manja anu."

Ndatuluka tiyi ali m'kapu.

Lachitatu, 23 Okutobala

Kulibe mphepo ngakhale pang'ono. Kamvuluvulu mmodzi wadutsa pamsika, wanyamula majumbo, basi.

Ndilembe, mwina mtima ukhala pansi. Unali mwezi ngati uno, mango asanapse. Z. ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndamukhazika pathabwa pamwamba pa mpando kuti afike pagalasi. Pometa kuseri kwa khutu timapendeketsa mutu, chala chachikulu n'kutsamira pansi pa nsagwada. Chala changa chinatsamira pa kanthu. Kolimba, ngati nyemba imodzi. Ndinakakanikiza, iye osamva kuwawa. Ndinamaliza kumeta, kumupaka sipiriti, kumugulira fulizesi. Kunyumba sindinanene.

Ndinati ndi mwanabere, aphwa yekha. Tsiku lililonse ndinkamusisita m'mutu ngati ndikumunyadira, pamene ndikuyeza. Nyemba inasanduka dzira la nkhunda. Masabata asanu ine chete, mpaka tsaya linatupa loti aliyense n'kuona.

Ku chipatala chachikulu ku Blantyre adokotala anafunsa kuti munayamba kuchiona liti. Ine: "Sabata yatha." Lukiya ali pomwepo, mwana ali pamiyendo pake. Kenako anatchula dzina lija, khansa, ndipo anati matendawa amathamanga, tsiku lililonse ndi lofunika. Ndimakumbukira fani ya kudenga ikuzungulira ndi sandasi imodzi ya Z. itagwa pansi. Zina zonse zimene ananena anamva ndi L.

Mu wodi muja ndinameta ana ambiri, amene tsitsi linkawathothoka ndi mankhwala. Ahmed wa ku Phalula ndinamumeta kawiri. Kachitatu pabedi pake ndinapeza pali wina. Wanga yekha sindinamumete. Lake linatsala papilo.

Anachira, Alhamdulillah. Koma chala ichi ndimachiopa.

Lachinayi, 24 Okutobala

Magetsi tsiku lonse. Chowiringula chandithera.

Lachisanu, 25 Okutobala

Tsiku la Ijuma, aliyense akufuna kukalowa mumzikiti ali wowala. Benchi lodzaza kuyambira 7. Ndikutembenuka, Z. wakhala kumapeto, chipewa m'manja, msewu wake uli poyera. Pamzere ngati kasitomala. Ndadziwa kuti amutuma ndi amake.

Ikafika nthawi yake ndimaitana wina. Akulu ayambe, ndatero. Wina wabwera, wina wabwera. Ndameta ndevu za a Yotamu mosamala ngati akukakwatira, mpaka iwo eni akuti, "Achimwene, mukufuna mundichotse khungu?" Azana yoitanira kumzikiti italira ndazimitsa mashini msangamsanga. Munthu wamkulu kuthawira kuswala chifukwa choopa mwana wake. Manyazi.

Panjira yopita kumzikiti wandifunsa, maso ali kufumbi: "Baba, kodi matenda anga aja amapatsirana?"

Ndati iyayi, wakuuza ndani zimenezo?

"Palibe. Kungoti simundigwira kumutu. Ana a eni mumawagwira."

Zimene a shehe alalikira lero musandifunse.

Loweruka, 26 Okutobala

Mitambo inasonkhana cha kumapiri, anthu n'kumati chizimalupsa chafika. Yabalalika osagwetsa dontho. Kutentha kwawonjezeka.

Shopu ndatseka masana. Ndakhala pakhonde kumuyang'ana Z. akusewera mpira wachikulunga ndi anzake. Akuthamanga bwinobwino, akulongolola kuposa onse. Kenako akudya mango osapsa ndi mchere. Ndimayang'ana ngati akutafunira mbali imodzi. Mwina. Mwina ayi. Tsitsi lakula, laphimba pamene ndikufuna kuona. Zaka zitatu ndakhala ndikumuyeza ndi maso okha, kuchokera patali, ngati munthu wogula mbuzi ya eni.

Sabata yathunthu osapita kusukulu, mwana woti anataya kale chaka chonse ali m'chipatala. Zonsezi chifukwa cha ine.

L. wapsereza nyemba. Sanadye. Buku la kuchipatala la Z. ndaliona pamwamba pa sutikesi, pamene limakhala pansi penipeni. Tsiku lokamuonetsa ndi mu Disembala. Ndafunsa, akuti amangokonza zovala.

Sitikuyankhulana bwino m'nyumba muno.

Lamulungu, 27 Okutobala

Ndamumeta.

Ndinabweretsa mashini ndi batire kunyumba, sindinafune maso a pabenchi. 4 koloko, pansi pa mango, pampando wa amake. Thabwa safunanso, watalika. Ndinamukulunga nsalu m'khosi, iye kumwetulira ngati ndamugulira njinga. Ndinayamba ndi pamwamba. Kenako kumanzere. Kunkhongo ndinabwereza katatu popanda chifukwa. Kunatsala kumanja, mbali ija.

"Baba, manja anu akunjenjemera."

Ndinati ndi batire. Bismillah, ndinapendeketsa mutu. Chala chinapita chokha pamalo pake.

Kalipo. Kakang'ono, kosafika nyemba. Mwina ndi mwanabere. Koma mawu amenewa ndinawanenapo kale.

Ndinazimitsa mashini. Ndinamva ndithu mtima ukundiuza kuti maliza, paka sipiriti, uone kaye sabata ino. Ndisanaumvere ndinakuwa: "Amake Zuba! Tabwerani!"

Anatulukira nthawi yomweyo. Anali kuseri kwa chitseko nthawi yonseyi. Ndinamuuza Z. akatenge galasi m'nyumba, n'kumuuza Lukiya motsitsa mawu kuti pali kanthu pansi pa khutu, mukagwire.

Sanadabwe. "Ndinakagwira Lolemba, pomwe ndimaona msewu uja."

"Nanga osanena?"

"Ndimati mwina ndi mantha anga. Manja anu ndi amene amadziwa." Anandiyang'ana. "Ulendo ujanso anadziwa, eti?"

Ndinati masabata asanu. Koyamba kuwatchula pakamwa.

"Ndinazindikira tsiku limene munamutumiza kwa Willard," anatero. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangotola tsitsi limene linagwera pamkono panga n'kulitaya.

Z. anabwera ndi galasi. Ndinamaliza mbali yotsalayo pang'onopang'ono, dzanja langa lonse lili pamutu pake. Mutu wofunda, wathukuta, uli ndi chipsera chimene sindimachidziwa n'komwe. Akuti anagwa mumtengo wa bwemba chaka chatha. Anadziyang'ana uku ndi uku. "Msewu wapita! Mawa kusukulu!"

Ndinamuuza zoona. Mawa ayi. Mawa minibasi yoyamba ya ku Liwonde, kenako Blantyre, adokotala akaone kanthu kena. Anagwira yekha pansi pa khutu, sanalire. Anangofunsa ngati ndipita nawo. Ndinati elo, ndipita. Ndiye akuti nditenge mashini, mwina mu wodi muli ana ofuna kumeta.

Ndawaika m'chikwama, pamodzi ndi buku lija.

Adokotala akafunsa kuti munayamba kukaona liti, ndikayankha ndine. Ndikulemba pano kuti ndisakasinthe: Lamulungu, 27, 4 koloko. Lukiya akuti iye akanena Lolemba.