Chitsulo cha pa Manda a Atate

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Kande, inu ndi onse akwathu amene muli nawo ku Joniko. Ife tili bwino, koma amayi akudandaula mawondo.

Chitsulo chimene mudatumiza kuti tiimike pa manda a atate chidafika. Ndidalembapo dzina lawo ndi penti woyera, koma mvula itagwa kangapo zilembo zidayamba kusendeka pamodzi ndi khungu lakuda lija limene chitsulo chatsopano chimabwera nalo. Amayi ataona adangoti, "Kodi aiwalika msanga chotere?" Usiku ndi usana mawuwo sadandichoke mumtima.

Ndidachizula n'kupita nacho m'khumbi langa. Ndidayesa kupala ndi tupa, koma khungulo lidakanika. Mlamu wanu ndiye adati, "Chiviikeni m'madzi a mandimu ndi mchere." Chidakhala m'beseni masiku anayi, ine ndikuchikhula ndi mchenga m'mawa uliwonse, mpaka chidayera. Ndidachitsuka ndi madzi a phulusa, ndidachiumitsa pamoto kuti chisachite dzimbiri, n'kulembanso dzina lija, kenako ndidakachiimikanso pamandapo. Pokhulapo ndinkakumbukira mmene atate ankandinenera kuti ndimaponya ukonde ndisanausoke.

Dzulo amayi adakasisita zilembozo ndi chala, ngakhale sadziwa kuwerenga. Akufunsa ngati mudzabwera kudzawawerengera ndi pakamwa panu. Muwayankhe zoona zokhazokha, achimwene, chifukwa akula. Mukapeza wobwera kuno mutitumizirekonso penti.

Mulungu akusungeni mumgodimo.

Ndine mng'ono wanu,
Yesaya