Chisa cha pa Waya wa Getsi

Lachiwiri, 7 Okutobala

Alamu anga akubwera Loweruka kudzaona bambo awo. Ndiye makina osokera apume kaye, ine ndi tsache basi. Mayi aja ndi nesi, ndipo akalowa m'nyumba maso amayamba apita kudenga moni asanapereke. Ulendo watha anapititsa chala pamwamba pa chitseko n'kundionetsa. Chala chija mpaka lero ndimachilota.

Apongozi ali chimodzimodzi. Dzanja lamanja silikugwirabe, mawu amatuluka amodziamodzi. Tikawasambitsa timawakhazika pakhonde, ndipo amaswera pomwepo maso ali m'mwamba. Sindinafunsepo kuti amayang'ana chiyani.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndalakwa.

Ndimachotsa akangaude kudenga la khonde. Pa waya wa getsi lakufa lija pamalendewera chinyalala, timasamba touma ndi tiudzu tomatana ndi ulusi wa kangaude. Ndinati ichi a Nesi akachiona ndatha ine. Kamodzi kokha ndi tsache, khu! pansi. Apongozi anakuwa, kukuwa koti sindinakumvepo chidwalireni. Ine ndimvekere, "Pepani bambo, ndi fumbi, ndikumaliza pompano." Ndinawalowetsa m'nyumba akupukusa mutu.

Potola ndi pomwe ndinamva kuti n'chofunda. Chili ndi kakhomo m'mbali, kadenga pamwamba pa kakhomoko, m'kati mwayalidwa thonje ndi nthenga. Tiana tiwiri topanda nthenga, tosaposa chala changa chachikulu. Kena khosi lili lende. Kena kakuyasamula.

Kakufako ndinakakwirira mumphika wa maluwa. Kenako ndinakwera pampando ndi singano, n'kusokerera chisacho pa waya ndi ulusi wobiriwira wotsala pa yunifolomu za ana asukulu. Kamoyoko kali m'kati momwemo.

Make anabwera patapita nthawi, kambalame kotuwa, ka mlomo wautali wopindika. Kanazungulira, kanalira, kanachoka. Kanabweranso, n'kukakamira pakakhomo mutu uli m'kati. Pamenepo m'pamene ndinapuma.

Sindinauze munthu.

Lachinayi, 9 Okutobala

Apongozi akana kutuluka. Chakudya alawa masipuni awiri.

Bambo a kunyumba akuti mbalamezo ndi choso. Akuti bambo awo akhala akuziyang'ana kuyambira pomwe kakakazi kanayamba kumanga, kokhakokha, kubwera ndi ulusi wa kangaude kukamwa tsiku lonse, mwamuna wake ali pa waya kungoimba. Ndinaseka nawo kuti amuna ndi amodzi kulikonse, koma kuseka kwake kwa pamano.

Ndiye anati, "Koma bambo akundidetsa nkhawa. Akungoti chagwa, chagwa, tsache. Ndapita kukaona, chisa chili pomwepo. Ndawauza, akukana. Kodi mutu sunayambe kusokonekera?"

Ine ndinali kutsuka kapu yotsukatsuka kale. Ndinati, "Kaya."

Kaya! Mkazi wamkulu ngati ine.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndakokera makina pawindo kuti ndiziona khonde. Diresi la eni ake silinasunthe.

Kakamuna ndakaona bwino lero. Pamthunzi n'kakuda, koma kakatembenukira kudzuwa khosi limawala mobiriwira ngati nsalu ya ukwati yodula ija. Kamapisa mlomo m'maluwa ofiira a kumpanda, limodzilimodzi. Duwa likakhala lalitali kamaboola kunsi n'kumwera pomwepo, kakuba. Ena akayandikira maluwawo kamawathamangitsa, kakang'onong'ono koma ukali wake!

Chimene chandipweteka: kwa mwana sizipititsa madzi a maluwa okha, zimapititsa akangaude ndi tizilombo. Make amafufuza m'makona a denga momwe ndinasesa ine. Mulibe kanthu, mwayera kuti mbee. Amachita kuuluka mpaka kuseri kwa nyumba ya aneba.

Apongozi ndikawapititsira madzi amayang'ana kukhoma. Sakundikalipira. Bola akanandikalipira.

Loweruka, 11 Okutobala

A Nesi afika. Kudenga sanayang'aneko n'komwe.

Lamulungu, 12 Okutobala

Dzulo alamu anatha nthawi yaitali kuchipinda kwa bambo awo. Ndimamva ali, "Lero ndi lachingati, bambo? Ine ndine ndani?" Apongozi ayankhe bwanji, lilime lolemera, mtima uli kwina. Amangoti, "Chagwa."

Lero tikudya, alamu anena poyera. Akuti kuona zinthu zomwe sizinachitike, kukana chakudya, zonsezo n'zizindikiro zoti matenda akupita patsogolo. Mawa awatenga, azikakhala kwawo pafupi ndi chipatala. Kwawoko ndi nyumba yam'mwamba, yopanda khonde, windo lake loyang'ana khoma la nyumba ina. Bambo a kunyumba anangoti zyoli.

Ndinaona chala chija chikundiloza: ndiwe wauve, ndiwenso wabodza. Ndinanyamula mbale n'kuthawira kukhitchini.

Zovala zawo ndasita ndine, ndalongedza ndine. Manyazi akundiwotcha nkhope ngati ndayandikira mbaula. Munthu wamkulu akuyesedwa wozungulira mutu chifukwa choti ananena zoona, ndipo wodziwa ndine ndekha.

Lolemba, 13 Okutobala

Galimoto inafika m'mawa. Potuluka nawo pa njinga yawo ya olumala, panalibe njira ina koma kudzera pakhonde. Apongozi anatseka maso.

Sindikudziwa kuti mawu anachokera kuti. Ndinaima kutsogolo kwa njinga n'kunena kuti, "Alamu, bambowa mutu wawo uli bwinobwino. Chisa chinagwadi. Ndinagwetsa ndine, ndi tsache, Lachitatu. Kamwana kamodzi kanafa. Kwerani pampandopo muone ulusi."

A Nesi anakweradi, nsapato zazitali ali nazo kumapazi. Anayang'anitsitsa. "Wobiriwira," anatero. Atatsika anandifunsa chifukwa chake sindinanene, ndipo ndinawauza kuti ndimaopa iwowo. Anayang'ana chala chawo, kaya mwangozi kaya. Bambo a kunyumba sanandiyang'ane, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyo ikundidikira.

Nthawi yomweyo make anatulukira ndi kangaude kukamwa, miyendo ili panja. Kamlomo kanasuzumira pakakhomo, kali tswii tswii. Apongozi anali atatsegula maso. Anayang'ana nthawi yaitali, dalaivala akuliza hutala kunja, iwo osatekeseka.

Kenako anakweza dzanja lamanzere, kundikodola. Ndinagwada pafupi, ndikuyembekeza chilichonse. Anavutika nawo mawuwo, milomo ikukana, mpaka anatuluka.

"Mayi. Mwasoka bwino."

Chikwama chawo chidakali pakhomo, palibe wachinyamula, palibenso wachimasula. Apempha phala, ndipo akudyera pakhonde.