Dzino Lomwe Ndinadula

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi amuna ako. Kuno tadzuka, kupatula bondo lomwe lija. Wagwira cholembera ndi mayi ako, koma mawuwa ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo ngakhale limodzi.

Giya ya makina anga opindira zitsulo yafika. Mano atatu othyoka aja amera, iwe! Ndinaitembenuza kangapo kufuna pamene mwalumikiza, osapapeza. Ndinaitana wamatayala ndi telala kuti adzaone ntchito ya mwana wanga. Ndinawafotokozera mmene unandiuzira pafoni, kuti makina anuwo amalavula waya, kuwala kotentha kotchedwa leza n'kumamusungunula, mzere pamwamba pa mzere, mpaka dzino kuima. Telala anati ndiye kusoka kumeneko. Ndinamuuza kuti azikamba za mabatani.

Koma ukundidziwa. Zaka makumi anayi ndikuwotcherera, sindinakhulupirirepo chitsulo chifukwa chowala. Giyayo ndinaigogoda ndi nyundo, inalira bwino. Wamatayala n'kunena kuti kunja kokha, m'kati muli timabowo ngati buledi. Mtima unandiyaka. Ndinaipana pa benchi, ndinatenga sowo, ndipo anthu akuonerera ndinadula dzino limodzi mwa atsopanowo.

Mwana wanga, m'katimo munalibe kabowo ngakhale koti n'kulowa singano. Chitsulo chokhachokha, cholimba kuposa cha giya yeniyeniyo, moti sowo inatha mano. Ndinazungulira nako kachidutswako msewu wonse. Nditabwerera, mayi ako anangofunsa kuti nanga makinawo ayenda ndi chiyani.

Ndinayesa kulibweza ndi ndodo zanga zowotcherera. Linagwira, koma titangoyatsa makina linadumpha n'kukagwera pansi pa benchi. Mageti a anthu akudikira pakhomo.

Mayi ako akuti ndipepese. Sindinalakwe, ndinkayesa ntchito. Komabe zija ndinanena pochoka iwe, zoti chitsulo chosadutsa m'manja mwa munthu n'chidole, uzitaye.

Ndimeretsere dzinolo kachiwiri. Koma ulendo uno giyayo sindiipereka kwa dalaivala wa basi, ndibwera nayo ndekha. Upemphe abwana ako andibwereke magalasi akuda, ndiime pambali pako, undionetse mmene wayayo amalowera. Ndikulonjeza kuti sindigwira kanthu.

Mulungu akusunge manja ndi maso. Undiperekere moni kwa apongozi anga ndi adzukulu.

Ndine bambo ako,
Wowotcherera wapakona