Mawu a Amayi Afufutika pa Tepi

Ferwert,
Novembala 1962

Mlongo wanga Douwe,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wamphamvu, pamodzi ndi alamu anga a Hiltje ndi kamwana kanu Tjitske. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Ife kuno tilipo. Chisanu chabwera msanga chaka chino, ng'ombe talowetsa kale m'khola, ndipo mbatata yachita bwino.

Koma sindikulembera za mbatata. Nkhani ndi ya tepi rekoda imene abambo anagula iwe utapita ku Canada. Sunaione, koma ndi chibokosi cholemera ngati thole. Ukaiyatsa umadikira kaye mababu amkati afiire, kadiso kobiriwira kapenye, ndiye iyambe kulankhula. Amayi ankaitcha mlendo waulesi. Amvekere, mlendo wanji wofuna kuotha moto asanapereke moni.

Ankaiopanso. Ukawayandikizira maiki ankabisa nkhope m'epuloni, ati mawu awo pa tepi amamveka ngati a tsekwe. Choncho tinawajambula kawiri kokha. Ulendo wina, Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndinabisa maiki kuseri kwa poto wa khofi. Anajambulika akuimba salimo uku akudula tchizi, kenaka akukalipira abambo kuti alowa ndi nsapato zamatope. Tinaseka mpaka misozi. Ndikanadziwa, bwenzi matepi awo atadzaza kabati. M'malo mwake tinkatanganidwa ndi kujambula makwaya a pa wailesi, amene lero palibe amawamvera.

Chiwaikireni amayi m'manda mu Epulo muja, abambo akhala akumvera tepi imeneyo tsiku ndi tsiku akachoka kokama ng'ombe. Amakhala pampando wawo, chipewa pabondo. Ikafika poti amayi akuwakalipira, iwo amayankha kuti pepa Jeltje, ndavula kale.

Lachiwiri lapitali ndinapita kumsika ku Dokkum. Makinawo ndimawayatsira ndine, koma tsikulo anaona kuti ndikuchedwa, nkuyesa okha. Maso awo ukuwadziwa. Anadinanso batani lofiira, lojambulira, nkukhala pansi kudikira kuti amayi ayambe kuimba. Magudumu a makinawo anazungulira mpaka tepi yonse kutha, mawu a amayi onse nkufufutika.

Nditabwera ndinawapeza akudandaula kuti makina afa. Ndinabweza tepi nkuiyatsa. Douwe, zimene zinamveka ndi wotchi yapakhoma, mpando ukulira, abambo akutsokomola, ndipo patapita nthawi mawu awo akuti yamba tsono Jeltje, khofi akuzizira. Anamvera mpaka kumapeto osagwedezeka. Kenaka anandifunsa ngati achita zimenezi ndi iwo. Ndinalephera kuwanamiza.

M'mawa mwake anamangirira tepiyo pa njinga, ulendo kwa a Postma okonza mawailesi. A Postma anawauza mosabisa kuti madzi akatayika saoleka. Abambo akuti anawayankha kuti ndiye zitsulo zonse zili m'sitolomu nzantchito yanji. Anabwerera akukankha njinga, mvula ili m'mutu.

Chiyambire pamenepo sakudya bwino. Makinawo anawafunditsa nsalu yapatebulo ngati maliro. Akachoka kokama amangoima pakhomo, osadziwa kolowera.

Tsono pempho langa ndi ili. Tepi inayo ili kwa iwe, ija tinakutumizira Tjitske atabadwa, amayi akumuimbira nyimbo yogonetsa mwana. Ndikudziwa kuti ndi yako, ndipo nawenso ndi pokhapo umawamvera. Ndikudziwanso kuti mawu amene abambo anakuuza padoko, oti wathawa munda wa makolo ndipo usadzapondenso pakhomo pawo, akukupwetekabe. Sindikukuweruza ayi. Koma chonde itumize, kapena upeze munthu wa makina awiri akukoperere ina.

Nditawauza abambo kuti ndikulembera, anati iwo sapempha kanthu kwa mwana. Ndinangowasiya. Koma dzulo masana ndinawapeza atavundukula makinawo, atavala jekete lakutchalitchi, tsitsi atapesa. Anati ndiike tepi yatsopano, ndipo batani lofiiralo ndidine ine, iwo salikhudzanso mpaka kufa.

Katepi kameneko ndi kamene kali m'phukusili. Sanalankhule zambiri. Atchula dzina lako, anena kuti ng'ombe zili bwino, kenaka akhala chete nthawi yaitali moti udzayesa kuti zathera pomwepo. Usadzazimitse, mlongo wanga. Udzadikire, kumapeto kuli mawu ena.

Mulungu akusungeni nonse m'dziko lakutalilo. Undiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Sjoerd ndi banja lawo, ndipo mwanayo umufungatire m'malo mwanga.

Ndine mlongo wako,
Sietske