Loya wa Tiyanjane

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Nanga mwana wanu Malita anafika bwino? Kale akachedwa kumsika wa Mitundu munkayamba mwamukalipira kenako n'kumupatsa madzi akumwa. Ulendo uno mumukalipire kuti wafulumira, chifukwa watisiyira ana akadali aang'ono.

Kuno tilipo. Mpongozi wanu Nasitaziya anachira mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akalira amamveka mpaka kumjigo, ndiye anthu akuti mawu ndi anu omwe aja. Mtedza wachita bwino chaka chino, koma denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula ya mphepo. Ndafolera lina, ngakhale mukanaliona mukanati ndinafolera ndili m'tulo.

Nkhani yaikulu ndi ya ana a Malita. Maliro atatha tinachita mwambo wathu, tinawasudzula alamu anga a Jailosi, nabwerera kwawo ku Nathenje. Tiyanjane ndi mlongo wake wamng'ono Yohane anatsala m'manja mwanga monga malume wawo. Koma a Jailosi mtima sunakhale pansi, anapita kukhoti kukapempha ana awo. Ine magazi anawira! Ndinati, kodi tambala anayamba liti kuyenda ndi anapiye? Ankhoswe anakhala pansi kuti nkhani isafike patali, ndipo anati tigawane: mtsikana atsale kuno, mnyamata apite kwa bambo ake. Tonse tinaona kuti ndi nzeru. Chinatsala n'kukangouza khoti kuti tagwirizana.

Koma akhoti anati asanavomereze, papezeke munthu woimira anawo. Tsiku lina masana njinga yamoto ya kabaza inatsitsa mayi wina wachitsikana, wochepa thupi, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Anati ndi a Naphiri. Nditawafunsa kuti ali mbali ya ndani, anayankha mwaulemu kuti, "Malume, ine si loya wa a Jailosi, komanso si wanu. Ndine loya wa Tiyanjane ndi Yohane."

Amayi, ndinaseka. Mwana woti kusamba timachita kumukumbutsa, akhale ndi loya wakewake?

Mpando umene ndinawatulutsira anaukana. Anavula nsapato, n'kumanga chitenje, n'kukakhala pansi pamulu wa mtedza pamene Tiyanjane ankathothola, Yohane ali pambali atagwira nsonga ya chitenje cha mlongo wake. Nawonso anayamba kuthothola, ndipo manja awo ankaonetsa kuti ntchitoyo anakula nayo. Ine ndinakhala poteropo ngati ndikukonza njinga, khutu lili komweko, koma sindinatolepo kanthu. Anabweranso maulendo ena. Ku Nathenje anafikanso, kukaona nyumba ya a Jailosi ndi sukulu yapafupi, ndipo kuno anakacheza ndi aphunzitsi a Tiyanjane.

Tsiku la mlandu ndinavala jekete ija munkati imandionetsa ngati mlaliki. A Naphiri ataimirira, mawu awo sanali okuwa, koma aliyense m'khoti anatchera khutu. Anati chigwirizano chathu n'chokomera akuluakulu, pakuti aliyense akutengapo wake, koma eni ake nkhani palibe anawafunsa. Kenako ananena mawu amene Tiyanjane anawalola kuti akanene: "Ine kulikonse ndikhala, kwa amalume kaya kwa ababa, bola musandilande Yohane. Amayi ali kuchipatala anandiuza kuti ndisamusiye."

Anafotokozanso kuti chimwalirire mayi ake, Yohane sagona ngati sanagwire chitenje cha mlongo wake. Anati tsiku la ankhoswe lija Tiyanjane anamva zonse pamene ankatipatsa madzi osamba m'manja, ndipo kuyambira pomwepo anasiya kudya bwino. Ife tinkati ndi malungo, mpaka tinapita naye kukayezetsa. Nditacheuka ndinaona a Jailosi ataweramitsa mutu, chipewa akuchipotokola m'manja. Nanenso misozi inalengeza, sindibisa.

Pomwepo ndinakumbukira mawu anu aja akuti mwana akakhala chete, mufunseni kawiri. Mayi ameneyu sanakuonenipo, koma anachita zomwezo, mwinanso anafunsa kuposa kawiri.

Khoti linagamula kuti anawo asalekanitsidwe. Nthawi ya sukulu azikhala ndi bambo awo, poti kholo lawo lilipo ndipo sukulu ili pafupi ndi nyumba, koma tchuthi chilichonse azibwera kuno kwawo kwa mayi awo. Za tchuthizo anaumirira ndi a Naphiri omwewo, akuti ana asaiwale kumene kunakwiriridwa mchombo wawo. Ndinkafuna kusunga mmodzi, ndinatuluka m'khoti wopanda ndi mmodzi yemwe. Zinandiwawa, Amayi, ndipo zikundiwawabe. Panja a Naphiri anabwera kudzandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Pepani malume, ndikudziwa kuti zalowa mumtima." Ndinafuna kuwakwiyira koma ndinasowa poyambira. Munthu woima nganganga pakati pa amuna awiri okwiya chifukwa cha ana amene si ake, ine chipewa ndamuvulira.

Tsiku lonyamuka Nasitaziya anawaphikira mbatata. Tiyanjane anadya mpaka kupempha ina, koyamba kuchokera tsiku la ankhoswe lija. Pokwera minibasi Yohane anali atagwira chitenje chija, ndipo a Jailosi sanamukoke dzanja, anangowasiya akhale mpando umodzi.

Mumuuze Malita kuti mwana wake anasunga mawu aja. Munda wake wa kuseri kwa tchalitchi ndizilima ine, sindidzaubwereketsa kwa munthu, mpaka Tiyanjane adzanene yekha chochita nawo. Ndipo akabwera pa tchuthi chikubwerachi, ndidzakhala nawo pansi, osati pampando, n'kuwafunsa ngati akukhala bwino ku Nathenje. Akadzangoti "eya" maso ali pansi, ndikulonjeza, ndidzawafunsa kachiwiri.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani,

Ine mwana wanu,
Fanuwelo